Rauta ya m'Chipinda cha Malemu

Lole yodzanyamula mtembo wa a Musonda inafika ku Woodlands, mu Lusaka, Loweruka m'mawa, dzuwa la mwezi wa Okutobala litayamba kale kutentha malata. Inaima kunja kwa mpanda, ndipo dalaivala wake, asanapereke ngakhale moni wa pamaliro, ananeneratu kuti sadikira kupyola nthawi ya nkhomaliro. Anayenera kudzera kumochale kukatenga bokosi, ndiponso msewu wa ku Luapula, kwawo kwa malemu, ndi wautali.

Amene anaitanitsa loleyo anali a Kampamba, akulu awo a malemu, amene anafika kuchokera ku Mansa m'mawa mwake mwa imfayo. Anali munthu wamtali, wouma thupi, amene anagwira ntchito ya upolisi kuyambira masiku a atsamunda. Chinyanja anachiphunzirira ku sukulu ya apolisi ya ku Lilayi pamodzi ndi perete, ndipo ankachilankhula monga momwe ankagubira, mosakhota. Atangolowa m'nyumba ya maliro anachita zimene mwambo wa kwawo umafuna: anakhoma chipinda chogona cha malemu, naika kiyi m'thumba la jekete, nalengeza kuti palibe wolowamo kufikira maliro ataikidwa ndipo abale atakhala pansi kuona za katundu. Kenaka ananena kuti mng'ono wawo akagona kumudzi, pafupi ndi makolo ake.

A Imelda, akazi a malemu, anakana. Ali chigonere pa matiresi pabalaza, pakati pa amayi a mpingo, anatumiza mawu akuti amuna awo anafuna kuikidwa ku manda a Leopards Hill mu Lusaka momwemo, pambali pa Mwenya, mwana wawo wachisamba amene anamwalira zaka zapitazo.

"Mawu a munthu wolila ndimawalemekeza," anayankha a Kampamba, "koma si umboni."

Umboniwo unalipo, koma unali ku Mangalande. Lubuto, mwana wamkazi wa malemu, ankagwira ntchito ya unamwino kumeneko, ndipo sanathe kubwera chifukwa pasipoti yake inali ku ofesi kumene ankapempha kuti amuwonjezere masiku okhala m'dzikomo. Chaka chathacho, atate ake atapita kukamuona, iye anawajambula kanema wamfupi ali patebulo, ndipo m'kanemamo ananena okha za kumene adzagone. Lachisanu madzulo Lubuto anayandikiza foni ku kompyuta yake kuti a Kampamba amve, koma chimene chinatuluka kuno chinali phokoso longa la mvula padenga la malata.

"Ameneyu angakhale munthu aliyense," anatero a Kampamba, akubweza foni. "Ndimuone ndi maso anga akulankhula ndi pakamwa pake. Ndikamuona, lole ibwelela yopanda kanthu. Ndikapanda kumuona, tinyamuka mawa masana."

Ananena zimenezi pamaso pa amuna onse a m'tenti ya maliro panja, ndipo onsewo ankadziwa kuti a Kampamba sabweza mawu, kaya awakomere kaya awapweteke.

Ntchito yobweretsa kanemayo inagwera Chikhumbo, mwamuna wa Lubuto, amene akuchikazi ankamutcha bashi Emmy, kutanthauza atate a Emmy, chifukwa cha mwana wawo. Iye anali wa kum'mawa, ankakhala m'mafulati a ku Kabwata, ndipo ankasamala makompyuta pa ofesi ina ya inshuwalansi mu msewu wa Cairo. Pamaliropo anali mkamwini basi. Anawaza nkhuni, ananyamula mipando, anakagula kabichi ku msika wa Soweto, ndipo sanalankhule ndi apongozi ake koma kudzera mwa munthu wina, monga momwe mkamwini woleredwa bwino amachitira.

Imelo inakana kunyamula kanemayo chifukwa anali wamkulu. Njira yotsala inali pulogalamu yochezera imene iye ndi Lubuto ankalemberanapo tsiku ndi tsiku, imene anthu ankangoitcha mesenja, pakuti nayonso imatumiza mafayilo. M'mamawa anayesa pa kafe ya intaneti ku Kabwata, koma kanema sanadutse, ndipo mayi woyang'anira pamenepo anati mwini wake yekha ndiye amagwira makina, koma anali ku Dubai kukagula katundu. Ku ofesi kwake kunali kokhoma, ndipo mabwana a kumeneko mesenja anailetsa kale. Inatsala kompyuta ya malemu, imene inali m'kachipinda ka kumapeto kwa kolido, mmene tsopano munaunjikidwa matumba a ufa operekedwa ndi olira.

Chikhumbo anakhala pa thumba limodzi, nayatsa kompyuta. Lubuto anali akudikira kale.

"Natuma," analemba Lubuto. "Vomelani."

Iye anavomera. Kamzere kosonyeza ulendo wa fayilo kanaoneka, kanasuntha pang'ono ngati nsonga ya chikhadabo, kenaka kanaima. Anadikira. Panatuluka mawu akuti kutumiza kwalephereka.

"Yesa futi," analemba.

Anayesanso, ndipo zinachitika chimodzimodzi. Ulendo wina kamzere kanakwawa nthawi yaitali ndithu, kompyuta ikulonjeza kuti imaliza usiku, koma nakonso kanafa panjira.

A Winifred, ang'ono awo a a Imelda, analowa atanyamula kapu ya tiyi. Anali mayi wa malonda, wogulitsa salaula, zovala za kaunjika, ku Kamwala, wosazolowera kudikira chinthu.

"Bashi Emmy, nanga manje? Yafika?"

Chikhumbo anaimirira, nalandira kapu ndi manja awiri. "Ikalibe, amayi."

"Koma muli kulembelana na mkazi wanu apa, niona. Mau apita, nanga kanema ikangiwa chani?"

"Mau ni ang'ono, amayi, apitila ku makina ya eni ake a pulogalamu. Chinthu chikulu chifuna kuchoka pa kompyuta yake kubwela pa iyi, osapitila kwina. Manje pakati pali kabokosi, timati rauta. Kali na njila zambili, iliyonse na nambala yake, timati mapoti. Njila zamene mesenja ifuna ni zotseka. Chikafika chinthu kuchoka kunja, rauta sidziwa kuti ni cha ndani, ichibweza."

"Nanga Lubuto sangatsegule kwake?"

"Akhala mu hositelo ya chipatala. Kuja samulola kugwila kalikonse. Nifunika kutsegula kuno."

"Tsegulani kansi! Mudikila m'busa?"

Chikhumbo anawaonetsa pa kompyuta. Kuti munthu asinthe kanthu mu rauta, anayenera kulemba mawu achinsinsi, ndipo a Musonda, amene anali munthu wosamala zinthu zake, anachotsa amene kabokosiko kanabwera nawo naikamo awo. Chikhumbo anali atayesa dzina la Mwenya, la Lubuto, la Emmy, nambala ya galimoto, ndi dzina la mudzi wa kwawo. Lubuto anatchula nyimbo ya m'buku imene atate ake ankaikonda, nayonso inakanidwa. A Winifred anapita kukanong'oneza akulu awo pabalaza, nabwerera akupukusa mutu. A Imelda sanagwirepo kompyutayo chiigulireni.

"Palibe njila ina?"

"Ilipo imodzi. Kumbuyo kwa rauta kuli kabowo kang'ono. Mukalasa mkati na pini, iiwala vonse vamene anaikamo atate, ibwelela monga mwamene inachokela ku sitolo. Apo ningangene."

"Ili kuti rauta yamene iyo?"

Chikhumbo analoza waya wabuluu wochoka kumbuyo kwa kompyuta, wotsata m'munsi mwa khoma, wolowa pa kabowo koboola m'ngodya. Kuseri kwa khomalo kunali chipinda chogona cha malemu. A Musonda anaika rauta pamwamba pa wadilopu yawo, chifukwa waya wochokera ku mlongoti wa padenga unatsikira pawindo la kumeneko.

A Winifred anayang'ana waya, nayang'ana khoma, natuluka. Kunja dalaivala analiza huta kamodzi, mwachidule, ndipo amayi a pabalaza anakweza nyimbo kuti aphimbe mwanowo.

A Winifred atabwerera, anatseka chitseko ndi msana, namasula mfundo ya pa ngodya ya chitenje chawo. Munali kiyi.

"Iyi ni sipeya. Inali mu chikwama cha ba sisi. Ba Kampamba sadziwa kuti iliko."

"Amayi, siningakwanise."

"Simungakwanise chani? Kutembenuza kiyi?"

"Ni chipinda cha apongozi. Olo atate akanakhala moyo, siningapondemo. Manje anakhoma akulu."

"Mvelani, bashi Emmy. Lole ikanyamuka, mukazi uja azaona manda ya mwamuna wake kangati? Na miyendo yake ija? Ku Mansa ni ku Chilenje apa pafupi? Ine nikanadziwa kabowo kamene mukamba, sembe nangena kudala. Amuna onse ali ku tenti, akudya. Mungene, mulase, muchoke. Ulemu muzachita mailo, osati lelo."

Pa kompyuta panatuluka mawu ena a Lubuto. "Bashi Emmy muliko? Nauza ba sisita ba ku wadi kuti nadwala, sininapite ku nchito. Chonde. Daddy ananipempha ine."

Chikhumbo anawerenga mawuwo kawiri. Kenaka anatambasula dzanja, ndipo a Winifred anaikamo kiyi, nachotsa pini pa duku lawo namupatsanso.

Kolido inali ya mdima pang'ono, yonunkha utsi wa nkhuni wolowera pawindo la bafa. Anayenda mosaponda mwamphamvu. Atafika pa chitseko cha apongozi ake anaima. Chikwatireni m'banjamo sanayang'anepo mkati mwa chipindacho, ndipo pamene ankadutsa chitseko chili chotsegula ankatembenuzira nkhope kukhoma. Analowetsa kiyi pabowo. Anali asanatembenuze pamene chitseko cha bafa chinatseguka kumbuyo kwake.

"Bashi Emmy."

A Kampamba anali ataima akupukuta manja ndi mpango. Sanakweze mawu. Anapinda mpangowo bwinobwino, naubweza m'thumba, nagwira thumba lina la jekete kuti amve ngati kiyi wawo alimo. Analimo.

"Siyani kiyi ameneyo pomwepo. Musamuchotse. Bwelelani m'mbuyo."

Chikhumbo anabwerera m'mbuyo, nagwada pa simenti, manja ali pamodzi.

"Ndinafunsa pamaso pa anthu ngati pali kiyi wina. Anandiuza kuti palibe. Lelo ndapeza mkamwini pa chitseko cha apongozi ake, maliro asanaikidwe. Mumafuna chiyani m'menemo? Mapepala a nyumba? Buku la galimoto?"

"Iyai, atate."

"Ndani wakupatsani kiyi?"

Chikhumbo anayang'ana pansi. Kutchula a Winifred kukanakhala kutchula a Imelda, ndipo mkazi wamasiye wopezeka ndi kiyi wobisa pa nthawi yotere mlandu wake sutha msanga. Abale a mwamuna akanati anayamba kale kutulutsa katundu.

"Nalakwa ine, atate."

"Sindinafunse amene walakwa. Ameneyo ndamuona. Ndafunsa amene wakupatsani kiyi."

Nyimbo ya pabalaza inali itazima. Amayi ena anasuzumira m'kolido, ndipo amuna awiri a kwa a Kampamba analowa kudzera kukhichini, mmodzi akutafunabe. A Winifred anatuluka m'kachipinda ka ufa, manja m'chiuno.

"Nine namupasa! Mufuna kumanga munthu, mangani ine, ba polisi. Mwakamba kuti mufuna kuona kanema, koma kabokosi kobweletsa kanema mwakakhomela mukati. Ni chilungamo cha kuti icho?"

"Mayo, sindikulankhula ndi inu."

"Muzalankhula na ine lelo!"

"Winifred, khala chete."

Mawuwo anachokera pabalaza, ndipo anali osasa chifukwa cha kulira kwa masiku onsewo. A Imelda sanadzuke pa matiresi, pakuti wamasiye sayendayenda, koma m'nyumba munali zii moti aliyense anamva.

"Ba mulamu, kiyi uyo ni wanga. Ninaiwala kuti ali mu chikwama, ndipo pamene ninakumbuka ninaopa kukamba. Mulandu ni wanga, muzaniweluza pambuyo. Mwana uyo musiyeni akambe chamene afuna."

A Kampamba anayang'ana Chikhumbo.

"Nenani. Mwachidule, ndipo musandinamize, chifukwa ndidzadziwa."

Chikhumbo anafotokoza ali chigwadire, maso ali pa nsapato za a Kampamba. Ananena za kabokosi ka pa wadilopu, za njira zake zotseka, za mawu achinsinsi amene malemu anapita nawo, ndi za kabowo ka kumbuyo.

"Ndiye kuti mukalasa pamenepo, zimene mng'ono wanga anaikamo ndi dzanja lake zifafanizika?"

"Inde, atate. Zonse."

"Sizibwelelanso?"

"Sizibwelela."

"Kumeneko ndi kuononga katundu wa malemu abale asanamuone."

"Ni zoona, atate."

"Ndipo mukatelo, kanema abwela ndithu?"

Apa Chikhumbo anazengereza. A Winifred anamuyang'anitsitsa, akugwedeza mutu kuti avomere.

"Siningalonjeze, atate. Rauta ikaiwala vonse, ingaiwale na njila yopita ku kampani ya intaneti. Makampani ena rauta imadzipezela yokha, ena afunika kubwela munthu wawo. Sinidziwa kuti iyi ni iti. Ngati ni yofuna munthu, lelo ni Chiwelu, sazabwela. Apo olo kulembelana na amake Emmy kuzasila."

"Yaba!" anatero a Winifred, akuomba m'manja kamodzi. "Mwamupasa mfuti."

A Kampamba sanawayang'ane. "Ndiye kuti ndikakana, tinyamuka. Ndikalola ndipo kabokosi kafa, tinyamukanso."

"Inde, atate."

Mmodzi wa amuna aja, msuweni wa malemu, analankhula m'Chibemba kuti nthawi yatha, kuti kumudzi anthu ayamba kale kukumba, ndipo kuti za makina n'zochenjera za ana a m'tauni. Huta inaliranso kunja, ulendo uno motalika.

"Kauzeni dalaivala kuti pano pali maliro, si pa siteshoni ya basi," anatero a Kampamba. Msuweniyo atatuluka, anazula kiyi wa a Imelda pachitseko, namuika m'thumba, natulutsa wawo. "Ndinati ndifuna kumuona. Sindingatseke maso anga ndekha kenaka n'kunena kuti sindinaone kanthu. Koma mkamwini salowa muno ndili moyo. Ndilowa ine. Mayo, inu amene muli ndi pakamwa, imani pakhomo muone kuti sindikutenga kanthu. Bashi Emmy, tembenukani. Muzindiuza muli choncho."

Chikhumbo anatembenukira kukhoma, natambasulira pini kumbuyo ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira chigongono. Anamva kiyi akutembenuka, chitseko chikulira, ndi fungo la mafuta a tsitsi a apongozi ake likutuluka m'chipindamo. Pabalaza mayi wina anayamba kusisima.

"Ndaona kabokosi. Kali ndi nyanga ziwili ndi magetsi obiliwila."

"Ni kameneko, atate. Musachotse waya uliwonse. Mukatembenuze chabe."

Panamveka mpando ukukokedwa, kenaka kupuma kwa munthu wokalamba akukwera.

"Ba Kampamba, muzagwa," anatero a Winifred, mawu awo atafewa.

"Ndinakwela mitengo musanabadwe. Pali mabowo ambili apa."

"Kang'ono kwambili, atate, pafupi na waya wa malaiti. Kolowa pini chabe."

"Magalasi anga ali m'tenti." Panapita kanthawi. "Ndakapeza ndi chala. Ndilase?"

"Lasani, mugwilile, musaleke mpaka magetsi onse azime."

Chikhumbo anatseka maso. Ankamva injini ya lole imene dalaivala anailiza dala kunja kwa mpanda.

"Azima," anatero a Kampamba. "Onse."

"Lekani manje, atate."

Anapempha chilolezo, nadzuka, napita m'kachipinda ka ufa. Pa mesenja dzina la Lubuto linali litachita mbuu, kusonyeza kuti kulumikizana kwaduka. Analemba nambala ya rauta, ndipo itafunsa mawu achinsinsi analemba amene makina otere amabwera nawo. Inamulola. Koma pa malo osonyeza kulumikizana ndi kampani panali manambala opanda kanthu, ziro yekhayekha.

A Kampamba anakhomanso chipinda chija, nabwera kudzaima kumbuyo kwake. A Winifred anaima pakhomo. Msuweni uja anabwerera, nati dalaivala wanena kuti akapanda kunyamuka tsopano apita kukanyamula chimanga ku Mkushi.

"Bwanji?" anafunsa a Kampamba.

"Ikali kufuna, atate."

"Ikapanda kupeza?"

"Ndiye kuti yafa."

Anadina kuti rauta ipemphenso. Palibe chinasintha. Anapukuta manja pa thalauza, nadinanso. A Winifred anayamba kupemphera chapansipansi, akutchula dzina la Yesu mobwerezabwereza. A Kampamba anatulutsa wotchi ya m'thumba, naiyang'ana, naibweza. Chikhumbo anali atayamba kuganiza za mawu amene akauze mkazi wake pa foni pamene maziro aja anasanduka manambala.

Sanasangalale, pakuti ntchito inali isanathe. Anatsegula tsamba la mapoti, nalemba kuti kuyambira 6891 kufikira 6900 zonse zofika zizilunjika ku kompyuta imeneyi. Zala zake zinalakwitsa nambala ya kompyutayo, ndipo anaifafaniza nailembanso mosamala. Anasunga, natseka mesenja, naitsegulanso. Dzina la Lubuto linayaka.

"Munayenda kuti?? Nalila pano."

"Tuma manje."

Kamzere kanaoneka. Kanafika pamene kankafera, ndipo kanapitirira. Kankayenda pang'onopang'ono, koma kankayenda.

"Kameneka ndiko kanema?" anafunsa a Kampamba, ataweramira pafupi.

"Kakafika kumapeto uku, atate, ndiye kuti wafika."

"Nthawi yanji?"

"Siningadziwe bwino. Mwina nkhomalilo izapita."

Msuweni anayambanso kudandaula. A Kampamba anamuuza kuti atengere dalaivala mbale ya chakudya ndi nyama yambiri, ndipo akamuuze kuti wapolisi wakale akumupempha, sakumulamula. Atatero anakhala pa thumba la ufa, jekete ili chivalire m'kutentha konseko, manja pa mawondo. Chikhumbo anatsika pa thumba lake nakhala pansi, pakuti sakanakhala mofanana msinkhu ndi apongozi. Nthawi ina kamzere kanaima, ndipo a Winifred anagwira pakamwa, koma kanadzidzimuka n'kupitirira. Amayi a pabalaza anayamba nyimbo ina, naimaliza, nayambanso ina. Kunja injini ya lole inazima, ndipo sanadziwe ngati dalaivala akudya kapena wakwiya.

Kamzere katadzaza, Chikhumbo anatsegula fayilo, nasendeza kompyuta kuti iyang'ane kwa a Kampamba, iye nabwerera pambali.

A Musonda anaoneka atakhala patebulo laling'ono, atavala juzi yaikulu ya ubweya, kapu ili m'manja. Kumbuyo kwawo kunali windo la mvula. Ankaseka kanthu kena kamene Lubuto ananena, ndipo kuseka kwawoko kunadzaza kachipindako moti pabalaza nyimbo inaduka pakati. Kenaka analankhula m'Chibemba, ndipo tanthauzo lake linali ili:

"Wajambula? Chabwino, jambula, kuti usadzavutike. Ine mukandiike ku Leopards Hill, pafupi ndi Mwenya. Amako miyendo yawo ndi yovuta. Ndifuna pamalo poti angakwere minibasi m'mawa, n'kudzandilalatira, n'kubwerera kunyumba dzuwa lisanalowe. Akulu anga adzafuna kunditengera kumudzi, ndikuwadziwa. Musadzakangane nawo. Anandibereka kumsana kuwoloka nane dambo popita kusukulu, ndiye amaona ngati ndikadali kumsana kwawo. Mudzangowauza kuti ndapempha."

Kenaka anafunsa ngati shuga alipo, ndipo kanema anathera pomwepo.

A Kampamba anati, "Bwezaninso."

Chikhumbo anabweza. Ulendo uno a Kampamba anayandikira kwambiri, nkhope yawo pafupi ndi galasi, chifukwa magalasi awo anali adakali m'tenti.

"Anaonda chonchi chaka chatha?" anafunsa, osayang'ana munthu. "Palibe anandiuza kuti anaonda chonchi."

Anatulutsa mpango, napukuta kumaso kamodzi, naimirira, nakonza jekete. Anayenda m'kolido kufikira pakhomo la pabalaza, ndipo pamenepo, pamaso pa amayi onse, anagwada pa bondo limodzi, chinthu chimene mawondo awo sanachilandire bwino.

"Bana Mwenya," anatero kwa a Imelda, kutanthauza amake Mwenya, "ndamuona. Agona ku Leopards Hill."

A Imelda anafunda chitenje kumutu nalira mokweza, ndipo amayi anawazungulira.

Atadzuka, a Kampamba anaitana msuweni uja. Anamuuza kuti aimbire foni sitolo ya ku Mansa, atumize munthu wa njinga kumudzi kukauza okumba kuti aleke, ndipo m'dzenjemo adzaikemo dothi limene iwo adzabwere nalo kuchokera pa manda a ku Lusaka. Msuweniyo anafuna kutsutsa, koma ataona nkhope yawo anangotuluka.

Chikhumbo anali akulembera Lubuto pamene mthunzi unagwera pa kompyuta. Anagwadanso msanga.

"Muuzeni mwanayo kuti atate ake amveka," anatero a Kampamba. "Za kiyi tidzakamba maliro akatha, inu ndi ankhoswe anu. Musaganize kuti ndaiwala."

"Inde, atate."

"Tsopano dzukani. Ofesi ya kumanda itseka msanga Loweluka, ndipo malo a pambali pa Mwenya sadzipeza okha. Tengani lole ija, poti ilipo."

Chikhumbo analemba mawu awiri okha kwa mkazi wake, nasiya kompyuta ili chiyakire, nathamangira kumsewu kumene dalaivala anali kusamba m'manja.